Zophimba Kumaso za Akavalo ndi Abulu: Mafunso ndi Mayankho

Funso lochokera ku Dedza: N'chifukwa chiyani ntchentche zimaunjirira m'maso mwa bulu, nanga zimaononga chiyani?

Ntchentche zimatsata misozi ndi manthongo, chifukwa ndicho chakudya chake. Mchira wa bulu kapena kavalo sufika kumaso, choncho chiweto chimangopukusa mutu ndi kuphethira. Zikachuluka, maso amafiira, misozi imawonjezeka, ndipo misozi yomweyo imaitananso ntchentche zina. Choopsa kwambiri ndi zimene zimasiya. Zina zimanyamula tinyongolotsi totchedwa Thelazia, tomwe timakhala kuseri kwa chikope. Zina zimasiya mphutsi za Habronema m'mphepete mwa diso, ndipo pamabuka chilonda chosapola msanga, makamaka nyengo yotentha. Chiweto chikamadzikhula pamtengo chifukwa cha kuyabwa, chimatha kuvulaza diso lenilenilo mpaka kuchita khungu.

Funso lochokera ku Zomba: Chophimba chabwino chimakhala chotani?

Chimasokedwa ndi nsalu ya timaenje ting'onoting'ono, yolimba moti imaima yokha. Kavalo amaona bwinobwino kudzera m'timaenjeto. Chachikulu n'chakuti nsaluyo itukuke patsogolo pa maso, isakhudze diso ngakhale tsitsi la m'zikope, pakuti chophimba chokhula diso chimapweteka kuposa ntchentche. Pansi pa chibwano chimangidwe mosiya mpata wolowa zala ziwiri. Chikathina chimasupula khungu, chikakhwepa ntchentche zimalowa n'kutsekeredwa momwemo. Zophimba zina zimaphimba makutu ndi mphuno zomwe, koma bulu amafuna chake, popeza makutu ake ndi aatali.

Chophimbacho chizivulidwa tsiku ndi tsiku, maso aonedwe, ndipo chichapidwe chikada. Diso lotupa, lotsinzina kapena lochita mtambo lifunika mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Kuliphimba si kulichiza.

Funso lochokera ku Mchinji: Wopanda ndalama angasoke chake ndi neti ya udzudzu?

Ayi. Neti ndi yofewa, imagwera m'maso, ndipo zambiri zimakhala zonyikidwa m'mankhwala. Ntchito yake ndi kuteteza anthu ku malungo. Njira yotsika mtengo ndi mphonje: lamba wansalu wodutsa pamphumi, wolendewera tizingwe tofewa tofika m'munsi mwa maso. Bulu akapukusa mutu, tizingweto timaingitsa ntchentche, ngakhale ali pangolo. Oilo wakale wagalimoto, amene ena amapaka pazilonda, amawotcha khungu ndipo asayandikire kumaso.

Funso lomaliza: Kodi chophimba chimateteza ku matenda onse a tizilombo toluma?

Chimateteza nkhope yokha. Kashembe, amene amafalitsa matenda a nagana, amaluma paliponse. Ntchentche zoluma za m'khola zimakonda miyendo. Matenda a African horse sickness amafala ndi tizilombo ta Culicoides, tochepa kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka nyengo yamvula. Matendawa amatha kupha akavalo 9 mwa 10 alionse odwala, pamene abulu ndi mbidzi sizidwala kwambiri. Chitetezo chake ndi katemera, amene amapangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, komanso kutsekera akavalo m'khola dzuwa lisanalowe mpaka litatuluka.

Ntchentche zambiri zimaswana m'ndowe ndi m'udzu wonyowa, ndipo kukatentha dzira limasanduka ntchentche m'masiku 7 mpaka 10 okha. Kuti ntchentche zichepe, ndowe zichotsedwe m'khola tsiku lililonse, zikaunjikidwe patali ndi kukwiriridwa kuti ziwole n'kukhala manyowa.