Bwanji pawabanki imachedwa kudzaza foni?

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza, tikambe za foni. Masiku ano mlimi wa mpunga ku Bua kapena wa nzimbe ku Dwangwa amafunsa mitengo pafoni, ndalama nalandirira pa Mpamba kapena Airtel Money. Foni ikatha moto tsiku la msika, wogula amapita kwa mnzanu. Ndiye ndifotokoze chifukwa chake tchaja ya pakhoma imadzaza msanga kuposa pawabanki zambiri.

Ine magetsi ndimawafanizira ndi madzi a m'ngalande. Mavolti ndi mphamvu yokankha madziwo, ma ampu ndi kuchuluka kwa madzi odutsa. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza mawati, ndipo mawatiwo ndiwo liwiro la kudzaza.

Tchaja ya pakhoma imatunga ku magetsi a ESCOM a mavolti 230 ndi kuwatsitsa kufika pa 5. Zambiri zimapereka ma ampu 2, kutanthauza mawati 10. Pawabanki ili ngati thanki. Batire yake ndi ya mavolti 3.7, choncho imayamba yawakweza kufika pa 5. Zotsika mtengo zimatulutsa ampu 1 yokha, mawati 5. Foni ya batire ya 5,000 mAh yomwe imadzaza pa maola awiri ndi kanthu pakhoma, pa pawabanki yotere imatha maola anayi kapena asanu.

Pokweza mavoltiwo moto wina umatayika, nchifukwa chake pawabanki imafunda. Yolembedwa 10,000 mAh imafikitsa ku foni pafupifupi 6,500. Musayembekeze kuti idzaza foni yaikulu kawiri.

Langizo langa ndi ili:

1. Pogula, werengani timalemba ta pambali pomwe alemba Output. Sankhani ya 5V 2A kapena kuposera. Ikakhala ndi mabowo awiri, lowetsani ku bowo la nambala yaikulu.

2. Chingwe chopyapyala, chachitali kapena chothyoka chili ngati ngalande yodzaza matope. Gulani chachifupi ndi chonenepa.

3. Kuno kunyanja dzuwa la Okutobala ndi loopsa. Foni ikatentha imachepetsa yokha moto wolowa. Tchajirani pamthunzi, osati pamchenga kapena pafupi ndi mbaula.

4. Musatchaje mafoni awiri nthawi imodzi pa pawabanki yaing'ono, amagawana motowo.

Magetsi akayaka, dzazani foni pakhoma, kenaka pawabanki. Pawabankiyo ikhale nkhokwe ya kumunda ndi kumsika.