Phunziro la Mwezi Uno: Ubwino ndi Kuopsa kwa Ma Antioxidant

Masiku ano m'misika ndi m'masitolo mumapezeka mabotolo a mapiritsi amene ogulitsa amati ali ndi ma antioxidant, ndipo ena amalonjeza kuti mapiritsiwo amachiza khansa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wodwala akakhulupirira zimenezi angathe kutaya ndalama zogulira chakudya cha banja lake, kapena kusiya mankhwala amene analandira ku chipatala. Phunziro lino likufotokoza ntchito ya ma antioxidant, pamene amathandiza ndiponso pamene amaononga.

Kodi ma antioxidant ndi chiyani?

Khasu likakhalitsa pa chinyezi limachita dzimbiri, ndipo nthochi ikasendedwa n'kusiyidwa pamtetete imada. Zonsezi zimachitika chifukwa cha mpweya womwe uja anthu amapuma. M'thupi namonso, pamene mpweyawo ukugwira ntchito yotulutsa mphamvu m'chakudya, mumapangika tizinthu totchedwa free radicals, timene tikachuluka timaononga ziwalo pang'onopang'ono. Utsi wa fodya ndi mowa zimachulukitsa tizinthuti.

Ma antioxidant ndi zinthu zimene zimachepetsa kuononga kumeneku. Ena thupi limapanga lokha, ndipo ena amachokera m'chakudya, monga vitamini C, vitamini E ndi beta carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A. Komabe ma free radicals ali ndi ntchito yakenso, pakuti asilikali a m'magazi amaphera tizilombo toyambitsa matenda ndi iwo omwewo. Chotero thupi limafuna muyeso woyenera wa zonse ziwiri.

Pamene amathandiza

Munthu wosowa vitamini C kwa miyezi ingapo amatupa nkhama, amatuluka magazi m'kamwa, ndipo zilonda zake sizipola msanga. M'chaka cha 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anaona kuti amalinyero odwala nthendayi anachira atadya malalanje ndi mandimu. Vitamini C amathandizanso thupi kulandira ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, amene ndi wofunika popanga magazi.

Ku chipatala, munthu amene wamwa mapiritsi a paracetamol opitirira muyeso amapatsidwa mankhwala otchedwa acetylcysteine. Mankhwalawa amabwezeretsa antioxidant wa m'chiwindi, ndipo amapulumutsa moyo ngati wodwalayo wafika msanga. Apa pali phindu chifukwa nthenda yadziwika, ndipo dokotala ndiye wayeza muyeso wake.

Pamene amalephera kapena kuononga

Akatswiri ataona kuti anthu odya masamba ndi zipatso zambiri sadwala kawirikawiri matenda a mtima ndi khansa zina, anaganiza kuti mapiritsi angachite chimodzimodzi. Atayesa, anapeza zosiyana. Ku Finland anafufuza amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, ndipo m'chaka cha 1994 analengeza kuti khansa ya m'mapapo inachuluka pakati pa amene ankamwa mapiritsi a beta carotene. Pa anthu 100 alionse odwala khansayo m'gulu losamwa, m'gulu lomwa munadwala anthu pafupifupi 118. Ku America kafukufuku wofanana naye anaimitsidwa m'chaka cha 1996 nthawi yake isanakwane, chifukwa cha ngozi yomweyo.

Kuno ku Malawi kunachitikanso kafukufuku pa matenda otupikana a ana, otchedwa kwashiorkor. Ana oposa 2,300 a zaka zoyambira chimodzi mpaka zinayi, a m'midzi isanu ndi itatu ya m'chigawo cha kumwera, anagawidwa pawiri. Gulu limodzi linkalandira ufa wa ma antioxidant tsiku ndi tsiku kwa masabata 20, gulu linalo ufa wopanda mankhwala. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2005, ndipo zinaonetsa kuti ufawo sunateteze ana ku kutupikana. Mwana amafunika chakudya chokwanira cha kasinthasintha, ndipo akayamba kutupa mapazi apite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Palinso ngozi zina. Vitamini C wochuluka kwambiri amatsegula m'mimba, ndipo kwa anthu ena amayambitsa timiyala m'impso. Vitamini E wochuluka angathe kuchedwetsa magazi kuundana, makamaka kwa munthu amene akumwa mankhwala osungunula magazi. Mapiritsi amphamvu a vitamini A angathe kupundula mwana ali m'mimba, choncho mayi woyembekezera amwe mankhwala okhawo amene walandira ku sikelo.

Kumene angapezeke mosavuta

Ma antioxidant ali pa khomo ndi kudimba. Bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi kholowa, pamodzi ndi maungu, mapapaya, mango ndi mbatata yofiira m'kati, zili ndi beta carotene. Magwafa, malambe, malalanje ndi tomato zili ndi vitamini C, ndipo mtedza uli ndi vitamini E. Masamba aphikidwe kwa nthawi yochepa ndi madzi ochepa, chifukwa kuphika kwambiri ndiponso soda kapena chidulo zimapha vitamini C. Kutendera ndi nsinjiro kapena kuthira timafuta pang'ono kumathandiza thupi kulandira beta carotene. Mfutso woyanika pa mthunzi umasunga mavitamini ambiri kuposa woyanika padzuwa.

Zofunika kukumbukira

1. Banja lidye masamba ndi zipatso tsiku lililonse.
2. Wodwala asasiye mankhwala a TB, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV chifukwa cha mapiritsi ogula.
3. Wosuta fodya asamwe mapiritsi a beta carotene. Chomuteteza ndicho kusiya fodyayo.
4. Ana apitirize kulandira vitamini A ku sikelo pa nthawi imene a zaumoyo anena.
5. Amene ali ndi botolo la mapiritsi kunyumba abwere nalo ku chipatala kuti a dokotala kapena anamwino alione ndi kumulangiza.