Alonda a Thupi Akaukira Mwini Wake

Anzanga ophunzira ndi aphunzitsi athu, tonse tidamva m'kalasi kuti m'mwazi mwathu muli maselo oyera amene amatiteteza ku tizilombo. Ine ndifuna kufotokoza za nthenda zimene zimadza alonda amenewa akaukira mwini wake, ndiponso m'mene asing'anga a m'chipatala angazidziwire powerenga majini. Tsono ndikati majini musaganize za mizimu ija yogwira anthu ayi. Ndikunena malangizo olembedwa m'maselo, amene timalandira kwa bambo ndi mayi.

Mwa alondawa muli magulu awiri aakulu, maselo a T ndi maselo a B. Selo lililonse lili ndi chogwirira chake chimene chimakwana mdani mmodzi yekha, monga kiyi akwana loko wake. Mu 1976 Susumu Tonegawa wa ku Japan adasonyeza kuti selo la B likamakula limadula ndi kulumikiza zidutswa za majini ake mosiyanasiyana, ndipo pambuyo pake kudadziwika kuti la T nalo limatero. Motero thupi limapanga zogwirira za mitundu mamiliyoni ambiri. Popeza kusakanizaku kumachitika mwachisawawa, zogwirira zina zimakwana mnofu wa munthu mwini. Maselo a T otere ambiri amaphedwa akali aang'ono m'kachiwalo ka m'chifuwa kotchedwa thymus, koma ena amapulumuka, ndipo apa mpamene pamayambira zovuta.

Chinanso choyenera kudziwa nchakuti selo la T siliona kanthu pokhapokha kataikidwa pa mbale. Mbale imeneyi ndi puloteni yotchedwa HLA. Majini ake ali pa chromosome 6, ndipo woyamba kuipeza anali Jean Dausset wa ku France mu 1958. Mbalezi zilipo mitundu zikwizikwi, ndipo munthu amakhala ndi zimene adabadwa nazo moyo wake wonse. Mitundu ina imapezeka kawirikawiri mwa anthu odwala nthenda za kudziukira kwa thupi. Tiyeni tione zitsanzo zitatu.

Choyamba ndi nthenda youmitsa msana yotchedwa ankylosing spondylitis, imene imagwira achinyamata. Msana umapweteka usiku ndi m'mamawa, ndipo pakapita zaka mafupa ake angalumikizane mpaka munthu osatha kuwerama. Mu 1973 akatswiri a ku London ndi a ku Los Angeles adapeza kuti mwa Azungu khumi odwala nthendayi, pafupifupi 9 ali ndi HLA-B27. Koma pamenepa tichenjere. Mwa Azungu 100 alionse pafupifupi 8 ali ndi jini imeneyi, ndipo ambiri ndithu a iwo sadwala konse. Chotero sing'anga sanganene kuti munthu akudwala chifukwa cha jini yokha. Ayenera kumva za ululu wake ndi kuona zithunzi za mafupa ake.

Chachiwiri ndi coeliac, nthenda imene thupi limaononga matumbo ake munthu akadya tirigu. Pafupifupi odwala onse ali ndi HLA-DQ2 kapena HLA-DQ8, koma majini omwewa alinso mwa Mzungu mmodzi pa atatu alionse. Pamenepa phindu la kuyeza lili kumbali inayo: munthu akapezeka alibe onse awiri, sing'anga amadziwa kuti afune chifukwa china cha kutsegula m'mimbako, ndipo munthuyo sasala buledi pachabe.

Chachitatu, chimene ine ndiganiza kuti nchachikulu koposa, ndi shuga ya mtundu woyamba. M'nthendayi maselo a T amapha maselo a m'kapamba opanga insulini. Ana ambiri amadziwika atafooka kale, ena atakomoka, ndipo ena amafa asadafike kuchipatala. Kuyambira mu 2004 kafukufuku wotchedwa TEDDY adayeza makanda ku America, Finland, Germany ndi Sweden, natsatira amene anali ndi mitundu ya HLA yoopsa monga DR3 ndi DR4. Mwa ana otere, zizindikiro za nkhondoyi zimaoneka m'mwazi miyezi kapena zaka ludzu ndi kuonda zisadayambe, ndipo makolo amakonzekeratu. Mu 2022 boma la America lidavomereza mankhwala otchedwa teplizumab, amene amachedwetsa nthendayi zaka ngati ziwiri mwa amene yayamba mobisika. Kwa mwana wa sukulu, zaka ziwiri zopanda jakisoni wa tsiku ndi tsiku si zochepa.

HLA imangotiuza zimene munthu adabadwa nazo. Zogwirira za maselo a T ndi B zimatiuza zina, pakuti selo likakumana ndi mdani wake limachulukana, ndipo mwazi umakhala ngati buku lolembamo nkhondo zimene thupi lamenya. Mu 2025 akatswiri a ku Stanford University adalengeza kuti adawerenga majini a zogwirirazi mwa anthu pafupifupi 600, ndipo kompyuta idatha kusiyanitsa odwala lupus, shuga ya mtundu woyamba, HIV ndi COVID-19 ndi anthu athanzi. Ameneyu anali kafukufuku chabe, ndipo anthu 600 ngochepa kuti chipatala chidalire njirayi isadayesedwe pa ena ambiri.

Chotsiriza chikukhudza ife eni. Zambiri mwa ziwerengero ndatchulazi zidatengedwa pa Azungu. HLA-B27 ndi yosowa kwambiri mwa anthu a kuno kwathu kumwera kwa Africa, kotero sing'anga wodalira jini yokhayi angabweze munthu wodwaladi msana namuuza kuti alibe kanthu. Majini a anthu a mu Africa ngosiyanasiyana kuposa a anthu a kwina kulikonse, koma ndiwo adawerengedwa pang'ono. Ntchito imeneyi ikudikira anthu odziwa bwino sayansi ndi masamu, ndipo sindiona chifukwa chakuti ena a iwo asachokere m'makalasi athu omwe ano. Tilimbike, anzanga.