Kusankha Mbaula Yachiwiri ya Dothi Yophikira Panja m'Nyengo Yozizira

Mbaula ya dothi lootcha ndi chiwiya chophikira chimene chimaumbidwa ndi dothi la mtapo, lomwe lija amayi amaumbira miphika ndi mitsuko, kenaka chimaumitsidwa pamthunzi ndi kuotchedwa mu uvuni mpaka dothilo litalimba moti silibwereranso kukhala matope likanyowa. Ubwino wake wagona pa chikhalidwe cha dothi lootchalo, popeza limachedwa kutentha komanso limachedwa kuzizira, choncho makoma a mbaula amatsekera moto pamalo amodzi, amautchinga ku mphepo, ndipo amalozetsa malawi pansi pa mphika m'malo mowalola kumwazikira m'mbali monga zimachitikira pamafuwa. Kumalo okwera a kumpoto kwa chigawo cha Tete, monga ku Nsadzo m'boma la Chifunde lomwe lachita malire ndi Zambia, phindu limeneli limaonekera kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene m'mawa kumazizira ndipo mphepo ya mwera imakankhira malawi kumbali, nkhuni n'kumanyeka chakudya chisakupsa.

Chifukwa chofunira mbaula yachiwiri

Chakudya cha kuno sichipsera pamoto umodzi. Nsima imafuna moto waukali wa nthawi yochepa ndiponso malo okhazikika oti mphika usagwedezeke povundula, pamene nyemba, zomwe zimachuluka m'nyumba pambuyo pa zokolola, zimafuna moto wofatsa wa maola angapo; ndipo kukazizira pamawonjezekanso madzi osamba a ana opita kusukulu, phala la m'mawa, mbatata yootcha ndi chimanga chokazinga. Banja limene lili ndi mbaula imodzi silidikira kuti ndiwo zipse lisanatereke madzi a nsima, koma limasonkhanso moto pamafuwa pambali pa mbaulayo, ndipo nkhuni zomwe zikanapulumuka zimathera pomwepo. Ofufuza za mbaula m'maiko ambiri apeza khalidwe lomweli, lakuti mbaula yatsopano kawirikawiri imangowonjezera pa mafuwa m'malo mowachotsa. Pachifukwa ichi, mbaula yachiwiri iyenera kusankhidwa poyang'ana ntchito imene mafuwa akugwirabe pakhomopo, osati poyang'ana kukongola kapena kufanana kwake ndi yoyamba. Ngati mafuwa akuyatsidwa chifukwa cha nkhali yaikulu ya madzi, yofunika ndi mbaula ya kukamwa kotakata. Ngati akuyatsidwa chifukwa cha nyemba kapena kuotcha nyama, yofunika ndi ina.

Mitundu yomwe ilipo

Mtundu wodziwika kwambiri pakati pa olankhula Chichewa ndi Chitetezo Mbaula ya ku Malawi, yomwe inayamba kufalitsidwa m'boma la Mulanje mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, lomwe tsopano limatchedwa GIZ. Yonse ndi ya dothi, ili ndi khomo limodzi m'mbali lolowetsera nkhuni, timapewa pamwamba pokhalira mphika, ndi zogwirira zonyamulira, kotero kuti ikhoza kusunthidwa kupita kuseri kwa nyumba mphepo ikasintha kochokera. Inafala kwambiri kuyambira mu 2013, pamene boma la Malawi, motsogozedwa ndi Joyce Banda, linalengeza cholinga chakuti mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika chaka cha 2020. Ikagwiritsidwa ntchito bwino imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni zomwe zikanathera pamafuwa, koma kwa mlimi wa ku Chifunde chachikulu n'chakuti imayaka bwino ndi tinthambi tating'ono, zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, zomwe zimapezeka pabwalo pomwepo chimanga chikatongoledwa, m'nyengo yomweyo imene moto umafunika kwambiri.

Mtundu wachiwiri ndi mbaula ya makala yokhala ndi malata kunja ndi dothi lootcha m'kati, imene inakonzedwa ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 potengera mbaula ina ya ku Thailand, ndipo imadziwika ndi dzina lakuti Kenya Ceramic Jiko. Mbale yake ya dothi, momwe mumakhala makala, ili ndi timabowo pansi todutsira mpweya ndi phulusa, ndipo m'munsi muli kachitseko kamene kakatsegulidwa moto umakolera, kakatsekedwa moto umafatsa. Kachitsekoka ndi kamene kamaichititsa kukhala yoyenera nyemba, nkhwani wotendera ndi nyama yootcha pa waya, chifukwa wophika amalamulira moto popanda kuphula mphika. Vuto lake ndi makalawo, popeza thumba limodzi la makala limadya nkhuni zolemera kangapo kuposa thumbalo, ndipo nkhalango za mombo ndi tsanya m'chigawo cha Tete zikudulidwa kale pofuna minda, milimo ya zigafa za fodya ndi makala ogulitsa m'matauni. Banja la kumudzi lomwe lili ndi zotsalira za m'munda silipindula kwenikweni posamukira ku makala ogula. Mbaula imeneyi imayenera mphunzitsi, namwino kapena wamalonda wa pamsika amene amagula makala kale ndipo akuphikira pa mbaula ya malata okhaokha.

Kumaiko a ku Ulaya ndi America kuli mbaula zazikulu za dothi zokhala ndi chivundikiro zotchedwa kamado, dzina lochokera ku Japan, zomwe anthu amaotchera nyama panja ngakhale kukugwa chipale. Nzeru yake ndi yomweyi ya makoma ochindikala ndi timakomo tolamulira mpweya, koma kulemera kwake ndi mtengo wake sizigwirizana ndi khomo la mlimi, ndipo phunziro lokha lotengako n'lakuti chivundikiro chimasunga kutentha: mphika wosavundikira umawononga nkhuni pa mbaula ya mtundu uliwonse.

Kuyesa mbaula isanagulidwe

Wogula ayenera kupita ndi mphika umene udzakhale pa mbaulayo, kapena ndi chingwe chomwe wayeza nacho kukula kwake, chifukwa mphika ukakhala waung'ono umalowa m'kati n'kutsamwitsa moto, pamene waukulu kwambiri umatseka mpata wotulukira utsi ndipo umapendama povundula nsima. Pakati pa mlomo wa mbaula ndi pansi pa mphika pafunika kampata kochepa kofanana mbali zonse, komwe kamapangidwa ndi timapewa tija, choncho ngati kamodzi n'kafupi kapena kobenthuka mbaulayo isiyidwe. Mbaula yopsa bwino mu uvuni ikagogodedwa ndi chala imalira mwansetete ngati kabelu, pamene yosapsa kapena yokhala ndi mng'alu wobisika imamveka mogonthera, ndipo yotereyi imayamba kufumbutuka ikangokumana ndi chinyezi. Timing'alu tating'ono tapamwamba timabwera pa mbaula zambiri zikayamba kugwira ntchito ndipo sitiletsa kuphika, koma mng'alu woyambira pamwamba pa khomo kukafika kumlomo, kapena wodutsa pazogwirira, ndi chizindikiro chakuti mbaulayo idzagawanika itasenza mphika wotentha. Pa mbaula ya makala, mbale ya dothi isagwedere m'kati mwa malata, timabowo tikhale totseguka tonse, ndipo kachitseko katseke mokwana.

Pali nkhani ya mayendedwe imene ambiri amaiiwala. M'boma la Chifunde mumadutsa msewu wochokera mumzinda wa Tete kupita pachipata cha Cassacatiza, chomwe tsidya lake ndi Chanida panjira ya ku Katete, koma midzi yambiri imafikidwa ndi njinga kapena njinga yamoto m'misewu ya mabampu, ndipo mbaula ya dothi yomangidwa pakaliyala popanda udzu kapena masaka imafika itasweka. Ichi ndi chifukwa chake mbaula youmbidwa pafupi imaposa yochokera kutali, ndipo kumene kuli amayi odziwa kuumba ndi mtapo wabwino, gulu likhoza kuphunzira kuumba mbaula ndi chikombole kuti zonse zituluke za muyeso umodzi. Ofuna uphungu wotere angafunse alangizi a ku ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma, yotchedwa Serviço Distrital de Actividades Económicas.

Kagwiritsidwe ntchito kukazizira

Dothi lootcha limadana ndi kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha, chifukwa mbali imene yatentha msanga imafufuma pamene inzake idakali yozizira, ndipo kukokana kumeneku ndi kumene kumang'amba mbaula. Choncho mbaula yagona pamame isasonkhedwe moto waukali nthawi yomweyo, koma iyambe ndi tinthambi tochepa, ndipo yotentha isathiridwe madzi pozimitsa. Makala otsala apalidwe n'kukwiriridwa ndi phulusa kapena mchenga. Nkhuni zikhale zouma ndi zowaza, ziwiri kapena zitatu pakhomo, zokankhidwa pang'onopang'ono, popeza kudzaza khomo kumatsekereza mpweya n'kubweretsa utsi. Mbaula ikhazikidwe pamalo osalala, kumbali kwa nyumba kumene mphepo siwomba mwamphamvu, kutali ndi denga la udzu ndi nkhokwe, ndipo ikazizira isungidwe pouma.

Popeza mbaula imatsekera moto, siothetsa anthu ambiri monga mafuwa, ngakhale makoma ake amafunditsa okhala pafupi kwa kanthawi moto utazima. Apa ndi pamene pamabwera chiyeso choilowetsa m'chipinda chogona, ndipo ngozi yake ndi yaikulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Makala oyaka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha, koma ukapumidwa umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, munthu n'kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, mpaka kukomoka ndi kumwalira osadzuka. Makala ofiira opanda utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Wopezeka ndi zizindikirozi atulutsidwe panja msanga ndi kutengeredwa kuchipatala.

Ngakhale utsi wa nkhuni suyenera kupeputsidwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, ndipo kafukufuku amene anachitika m'maboma a Chikwawa ndi Karonga pa ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, anapeza kuti kugawa mbaula zotulutsa utsi wochepa sikunachepetse chibayo pakati pa ana osakwana zaka zisanu. Mbaula ya dothi imapulumutsa nkhuni, imachepetsa maulendo a kuthengo, ndipo imatchinga ana kuti asagwere pamoto, koma simalowa m'malo mwa mpweya wa panja. Mbaula zonse ziwiri ziyakire pabwalo kapena m'khitchini yotseguka m'mbali, mwana wakhanda asakhale kumsana kwa wophika kumene kukupita utsi, ndipo kuzizira kwa usiku kuthetsedwe ndi zofunda, osati ndi makala.