Mutu, Khosi ndi Msana: Chiyambi cha Njira ya Alexander

Anthu ambiri obwera ku zipatala za m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, amadandaula za msana ndi khosi. Asodzi amati ndi makoka, amayi amati ndi khasu kapena mtolo wa nkhuni. Ntchitozi ndi zolemetsadi, koma nthawi zina vuto limagona pa m'mene munthu akugwiritsira ntchito thupi lake. Mmodzi wa anthu amene anaphunzitsa mfundoyi sanali dokotala konse.

Frederick Matthias Alexander anabadwa mu 1869 pa chilumba cha Tasmania, kumwera kwa Australia. Ntchito yake inali yolakatula mawu a masewero a Shakespeare pamaso pa anthu mumzinda wa Melbourne. Akali mnyamata, mawu anayamba kumusasa. Madokotala anamuuza kuti apumule. Akapumula mawu ankabwerera, koma akangoimanso pagulu ankasasanso. Apa anaganiza kuti pali china chimene iye mwini amalakwitsa poyankhula.

Anaika akalilole m'chipinda mwake nayamba kudziyang'anitsitsa. Anaona kuti akati ayankhule, ankakokera mutu chakumbuyo ndi pansi, napanikiza kholingo. Chachikulu chinali chakuti ngakhale pamene ankadzimva kuti wawongola mutu, kalilole ankaonetsa kuti akuchitabe zakale zomwe zija. Chizolowezi chikakhalitsa chimamveka ngati cholondola. Motero anaphunzira kuyamba waima kaye asanachite kanthu, kumasula khosi kuti mutu upepuke ndi msana utambasuke. Mawu ake anabwerera.

Mu 1904 anasamukira ku London, ndipo mu 1931 anayamba kusula aphunzitsi a njirayi. Anamwalira mu 1955. Kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2008, wokhudza odwala msana 579, anapeza kuti amene analandira maphunziro 24 ankamva ululu masiku owerengeka pa mwezi poyerekeza ndi amene sanaphunzire.

Msodzi wa ku Malembo sasowa kalilole, pakuti mnzake wa m'bwato angamuuze ngati amaumitsa khosi ndi kukweza mapewa popalasa. Mayi wonyamula ndowa pansi aime kaye, aiyandikire, apinde mawondo, ndipo posenza asapotoze msana.

Komatu si ululu wonse umene umachokera ku chizolowezi. Msana ukamapweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kuwonda, chifuwa chosatha, kapena dzanzi ndi kufooka kwa miyendo, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa kapena matenda ena oopsa. Kuno kunyanja likodzo nalonso nthawi zina limafika ku mtsempha wa msana ndi kulumalitsa miyendo. Wodwala wotere asazengereze: apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati akukodza magazi anene poyera.