PHUNZIRO 17: ALONDA OSAONEKA A M'NTHAKA

Tiwerenge pamodzi.

Tikaponda matope a m'dambo, m'madzi mumatuluka thovu. M'thovulo muli mpweya wotchedwa methane. Mpweyawu umapangika pansi pa matope, pamene udzu ukuwola mopanda mpweya wabwino umene timapuma. Ukakwera kumwamba umasunga kutentha. Pa zaka 100, kilo imodzi ya methane imatenthetsa dziko kuposa makilo 25 a carbon dioxide, mpweya wotuluka pa moto. Dziko likatentha mvula imasokonezeka, ndipo woyamba kuvutika ndi mlimi.

Koma nthaka ili ndi alonda ake. Alondawa ndi mabakiteriya, zamoyo zazing'ono zosaoneka ndi maso. Chakudya chawo ndi methane. Katswiri wina wa ku Holland, dzina lake Söhngen, anawapeza m'chaka cha 1906.

Mabakiteriyawa ali m'mitundu yambiri. Malo ndiwo amasankha mtundu umene uchuluke. Tione zinthu zitatu.

Choyamba ndi madzi. Alondawa amafuna methane, amafunanso mpweya wabwino. M'munda wa mpunga amakhala pamwamba penipeni pa matope ndi m'mbali mwa mizu, chifukwa mpunga umatsitsira mpweya ku mizu yake. Pansi pa matope omira sangagwire ntchito.

Chachiwiri ndi chakudya. M'dambo methane ndi wambiri, ndipo mumachuluka mitundu yodya kwambiri ndi yoswana msanga. M'nkhalango methane ndi wochepa. M'menemo mumakhala mitundu yozolowera njala. Imakula pang'onopang'ono, nkumatola methane wa mumlengalenga. Chaka chilichonse nthaka ya kumtunda pa dziko lonse imameza matani pafupifupi 30 miliyoni.

Chachitatu ndi dzanja la munthu. Tikadula nkhalango nkulimapo, alonda a m'nkhalango aja amachepa. Kumtunda, feteleza wa salufeti akachuluka amawalepheretsa kudya. Kuti abwerere mwakale pamapita zaka makumi angapo.

Nanga ife tichite chiyani? Kumene tingathe kutsegula ndi kutseka ngalande, tiphwetse madzi m'munda wa mpunga masiku ochepa pakati pa nyengo, kuti nthaka ipume. Tisatero mpunga ukamachita maluwa. Mapesi tisawakwirire m'madzi. Tiyambe tawawoletsa pa mulu wa manyowa. Feteleza tithire pa muyeso. Nkhalango ya mudzi tiisunge.

Alondawa safuna malipiro. Amangofuna nthaka yopuma.

TIYANKHE
1. Kodi methane amapangika kuti?
2. Kodi alonda a m'dambo amasiyana bwanji ndi a m'nkhalango?
3. Nchifukwa chiyani tiyenera kuphwetsako madzi m'munda wa mpunga?

TILEMBE
nthaka, dambo, mpweya, mpunga, nkhalango

TIKAMBIRANE
Kodi m'mudzi mwathu muno ndi malo ati amene anali nkhalango kale? Akuluakulu atiuze, achinyamata alembe.