Khutu Patsogolo: Mayankho kwa Omvera a ku Mwanza

Makalata a sabata ino achuluka ochokera ku Mwanza, ndiye tiyambe msanga nthawi ingatithere.

Yoyamba alemba ndi aphunzitsi a m'dera la Mfumu Nthache. Akuti: "Ndimaphunzitsa Expressive Arts mu Sitandade 6. Tilibe chida choyimbira ngakhale chimodzi, ndipo manotsi a nyimbo ine sindinawagwire bwino ku koleji. Ndimangolemba pabolodi, ana n'kumakopera. Nditani?"

Aphunzitsi, choko chija tachiyikani pansi kaye. Ine pophunzitsa ndimayendera mfundo imodzi, yoti nyimbo imayamba kulowa m'khutu, kenako m'thupi, pepala lizibwera pambuyo. Mwana wokopera tanthauzo la kayendedwe ka nyimbo koma osawombako m'manja sanaphunzire kanthu. Mawa atulutseni anawo pansi pa mtengo, muwagawe patatu. Gulu loyamba liziwomba m'manja mofanana, osathamanga, osachedwa. Lachiwiri lizilowa m'mipata imene loyambalo likusiya. Lachitatu liponde pansi ndi miyendo. Poyamba zidzasokonekera, ana adzaseka, ena adzakokedwa ndi anzawo. Musawakalipire. Bwerezani mpaka mudzaone nkhope zawo zasintha, aliyense wagwira pake koma khutu lili kwa mnzake. Zikatero, sankhani mtsikana mmodzi ayambitse nyimbo ya kwawo, ena onse avomere.

Za zida musadandaule. Chigubu cha galoni, thabwa, ndi timawaya ta mabuleki a njinga, banjo yatheka. Funsaninso m'mudzimo ngati alipo agogo odziwa bangwe kapena kaligo, muwaitane adzakhale pampando wanu tsiku limodzi. Chimandiwawa kwambiri n'choti akuluakulu otere akutha, ana asukulu ali pafupi pomwepo osawamvako.

Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Daniel ankayimba gitala, Donald chitoliro akadali kamnyamata. Luso lawo analinola pomvetsera ndi poyimbira anthu m'misewu ya Blantyre, komwe katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza mu 1967. Pambuyo pake nyimbo zawo zinamveka mpaka ku Ulaya. Daniel anatisiya mu 1987, Donald mu 2001, koma asanamwalire Donald anakaphunzitsako nyimbo pa yunivesite ya UCLA ku America. Sindikunyoza manotsi ayi. Amasunga nyimbo, amathandiza kwaya kuphunzira msanga, ndipo do-re-mi muwaphunzitse ndithu. Koma muyambe kulemba pabolodi nyimbo imene anawo akuyidziwa kale pakamwa, kuti zizindikirozo zikhale ndi chonena.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Thambani. Akuti mwana wawo wa zaka 14 wadzipangira banjo, akaweruka kusukulu ndi yomweyo, ndipo bambo ake akufuna kuyiphwanya poti oyimba amalowerera.

Mayi, mantha a bambowo ndikuwamvetsa, poti alipo oyimba amene mowa unawagwetsa. Koma banjoyo isaphwanyidwe chonde. Mwana amene wakhala pansi n'kusema thabwa, kukunga nsambo mpaka zitalankhula, waonetsa kupirira kumene ana ambiri alibe. Panganani naye: ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo ithe kaye, ndiye ayimbe, ndipo aziyimbira pakhonde pomwepo inu mukumva. Mwana woyimbira makolo ake safulumira kukafuna omvera kumowa. Akumbutseninso bambowo za Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona koma banjo inamudziwitsa dziko lonse, ndi agogo athu a Giddes Chalamanda.

Yachitatu yachokera pa boma pa Mwanza, kwa mnyamata woyimba kiyibodi kutchalitchi ndi m'maukwati. Akuti amakonzekera mokwanira, salakwitsa, koma anthu savina, amangomuyang'ana.

Achimwene, ndikufunseni: poyimbapo maso anu amakhala kuti? Ndikukhulupirira ali pa zala. Kadzaoneni woyimba mbalule pabwalo la Gule Wamkulu. Sayang'ana ng'oma yake, amayang'ana miyendo ya wovina, wovinayo akatembenuka ng'oma nayo yatembenuka. Ine ndikakwera pansanja ndimasankha munthu mmodzi m'gulumo, kawirikawiri mayi wachikulire wakhala chakumbuyo, ndimayimbira iyeyo. Phewa lake likayamba kugwedezeka ndimadziwa kuti liwiro ndi limeneli, ndisasunthenso.

Vuto lina ndi ng'oma za m'kiyibodimo. Makina samva kuti kwaya yapuma mochedwa kapena kuti akuchikazi alowa ndi nyimbo yawo poperekeza mkwatibwi. Zizimitseni nthawi zina, mupeze mnzanu wa ng'oma yachikopa, muzitsatira anthu m'malo mowakoka. Batani la transpose nalonso lisiyeni mwezi wathunthu. Mayi akayambitsa nyimbo pamene mawu awo afika, inu mufufuze kiyi yawoyo ndi khutu, ngakhale zala zipunthwe kangapo.

Bambo a ku Kunenekude amene mwafunsa za kukopera nyimbo za ena ndi malamulo a COSOMA, funso lanu likufuna nthawi yakeyake, tidzayamba ndi limenelo sabata yamawa.